Kuwongola makina a disiki okwechera matabwa kuti azipereka ngodya zoona

Makina omwe ndikulemba pano ndi aja a pabenchi, a disiki ya mamilimita 305, yomwe ambiri amangoti ya mainchesi 12. Ndi a gulu lotsika mtengo, aja umawaona m'mabokosi a mayina osiyanasiyana koma thupi lake limodzimodzi. Ndinawagulira ntchito ziwiri zomwe sizilola chinyengo: ngodya za mafelemu a zithunzi, ndi tizidutswa 12 tomwe timalumikizidwa kukhala mphete ya mbale yamtengo. Pa ntchito zoterezi macheka amangokufikitsa pafupi ndi mzere wa pensulo, wotsiriza ndi disiki. Disiki ikakhala yokhota, cholumikizira chilichonse chimayasama. Ndikulemba zomwe ndikupeza ndi zomwe ndikukonza, kuti mnzanga wogula makina ngati awa adziwe poyambira kuyang'ana.

4 Malichi: kumangirira pa benchi

M'bokosi munali thupi la makina, tebulo la aluminiyamu, miter gauge (chotsamiritsira thabwa pa ngodya, choyenda m'ngalande ya tebulo) yaing'ono yopepuka, ndi sandipepala nambala 80 yogwira ndi velcro. Mota ndi ya induction, disiki imakhala pa shafiti ya mota yeniyeniyo, palibe lamba. Kachitsulo ka kumbali kalembedwa kuti imazungulira ka 1450 pa mphindi pa magetsi a 50 Hz. Komwe magetsi ndi a 60 Hz, mota yamtunduwu imafika cha m'ma 1725.

Nditayatsa ali chongoikidwa pa benchi, makinawo anayamba kuyenda okha pang'onopang'ono kulowera kumphepete, ndipo pensulo yomwe inali pa tebulo inagubuduka n'kugwa. Timiyendo ta labala tomwe anabwera nato n'tofewa kwambiri. Ndatichotsa, ndaika makinawo pa plywood ya mamilimita 18 yophatikiza pawiri, ndamanga ndi mabawuti 4 a M8, ndipo plywoodyo ndaipana ku benchi. Kuyenda kwatha, phokoso lachepa, koma ukagwira tebulo umamvabe kunjenjemera m'zala. Benchi si imene ikuchititsa zimenezi, vuto lili m'makina momwemo.

Ndayang'ananso komwe disiki imazungulirira. Ukaima kutsogolo, mbali yotsika ndi ya kumanzere. Thabwa limagwira ntchito mbali imeneyo basi, chifukwa disiki imalikanikizira pa tebulo. Mbali yokwera imalinyamula n'kukuponyera fumbi kumaso. Ndajambula muvi waukulu pa chotchinga cha pamwamba kuti aliyense wobwereka makinawa auone asanayatse.

Zomwe zalowa lero ndi mabawuti, mawasha ndi zotsalira za plywood. Ndalama yake ndi yosadandaulitsa.

6 Malichi: kuyesa koyamba

Muvi wa pansi pa tebulo unaloza pa 0, kutanthauza kuti tebulo ndi disiki zili pa madigiri 90. Ndinafuna thabwa lindiuze lokha.

Ndisanakhudze makina ndinayamba ndayesa sikweya yanga. Ndinaitsamiritsa pa thabwa la m'mphepete mowongoka, kujambula mzere, kuitembenuza, kujambulanso pamzere womwewo. Mizere iwiriyo inagonana bwinobwino, ndiye sikweya ndi yodalirika. Musadumphe zimenezi. Masikweya ambiri a kalipentala anagwapo pansi ndipo amanama mwakachetechete.

Kenako ndinatenga timatabwa tiwiri ta paini tokhuthala mamilimita 40, ndinalemba X pa nkhope imodzi ya kalikonse, ndinakwecha nsonga zake X ili pansi. Ndinatigoneka pa galasi, X idakali pansi, nsonga zokwechazo zitakhudzana. Pamwamba zinagundana, pansi panatsala mpata wooneka ndi maso. Feeler gauge (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata) ya 0.7 mm inalowa. Poyesa chonchi cholakwika chimaoneka kawiri, choncho kathabwa kalikonse kapatuka ndi 0.35 mm pa mamilimita 40, komwe ndi theka la digiri. Chenjerani apa: mukatembenuza kathabwa kamodzi X n'kukhala pamwamba, zokhotazo zimabisana ndipo cholumikizira chimaoneka chotseka pomwe tebulo ndi lopendekeka.

Theka la digiri limamveka laling'ono. Pa thabwa la mamilimita 100 limapereka mpata wa 0.87 mm, ndipo guluu sangaubise.

China chomwe ndaona: nsongazo sizinatuluke zafulati. Nditaikapo lula wachitsulo, m'mphepete monse munali mobulungira pang'ono, pakati pokha ndi pomwe pamakhudza. Pa pepala napo, kuda kwa utomoni wa paini kunaunjikana chigawo chimodzi chokha, kwinako kudakali koyera. Ndiye mavuto ndi atatu osiyana: tebulo lopendekeka, pepala lofewa, ndi disiki yomwe sikukhudza thabwa mofanana. Ndiyamba ndi disiki, chifukwa kuwongola tebulo pa disiki yodzandira n'kutaya nthawi.

9 Malichi: disiki ikudzandira

Ndazula pulagi, ndachotsa tebulo, ndamatula velcro yonse. Guluu wake anali wouma gwa. Ndinamufewetsa ndi mpweya wotentha wa chowumitsira tsitsi, kumupala ndi kapulasitiki kolimba, n'kutsiriza ndi white spirit pa kansalu. Musapale ndi chizulo kapena mpeni, aluminiyamu amakalika msanga ndipo kachilonda kalikonse kamatukuka m'mbali.

Mnzanga wokonza injini anandibwereka dial indicator (chida cha singano choyezera kusuntha kochepa kwambiri) yowerenga mpaka 0.01 mm. Maginito ake sagwira pa aluminiyamu, choncho ndinapana kachitsulo kafulati pa plywood ija n'kuimika pamenepo. Nsonga yake ndinaikhudzitsa pa nkhope ya disiki, mamilimita 10 kuchokera kumphepete, ndipo ndinazungulitsa disiki ndi dzanja pang'onopang'ono. Singano inayenda 0.35 mm kuchoka potsika kufika pokwera. Disiki imadzandira ngati gudumu la njinga lopindika. Pa liwiro lonse sungaone, chifukwa imazungulira pafupifupi ka 24 pa sekondi imodzi, zimangomveka ngati kunjenjemera. Koma ukazimitsa makina n'kukhudzitsa thabwa disiki ikamachepa mphamvu, umamva "tse, tse, tse", kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Amene mulibe dial indicator, gwirani pensulo molimba pa tebulo, nsonga yake itangoyandikira disiki, muzungulitse ndi dzanja. Pomwe pensulo yalemba ndi pokwera.

Pokwerapo ndinaikapo chizindikiro, ndipo chinapezeka pa mzere umodzi ndi kabawuti komwe kamamanga disiki ku shafiti. Apa ndipo panagona nkhani. Nditamasula kabawutiko ndi Allen key n'kuzula disiki, ndinapeza zinthu ziwiri. Pa phewa la shafiti, pomwe disiki imayenera kutsamira, panali penti youma mbali imodzi. Ndipo pomwe kabawuti kanaluma shafiti panatukuka kachitsulo kakuthwa kokola chikhadabo. Dzenje la disiki nalo ndi lotakasuka pang'ono kuposa shafiti, moti kabawuti kakamangidwa kamakankha disiki n'kuipendeketsa.

Ndinayesa shafiti payokha: 0.02 mm basi. Mtima unakhala pansi, chifukwa shafiti ikanakhala yopindika, kapena ma bearing akanakhala ogwedera, makinawa akanayenera kubwezedwa. Ndinaikankhanso ndi kuikoka m'litali, sikusewera.

Pentiyo ndaipala, kachitsulo kotukukako ndakagwetsa ndi tupa mopepuka, ndapukuta zonse. Mkati mwa dzenje, mbali yoyang'anizana ndi kabawuti, ndaikamo kachidutswa kodula pa chitini cha chakumwa, komwe kamakhuthala pafupifupi 0.1 mm. Pomanga ndimakanikiza disiki pa phewa la shafiti ndi chikhatho, kumanga pang'ono, kuyesa, kumanganso. Singano yatsika kufika 0.18 mm.

Theka la vuto lachoka popanda kutulutsa ndalama. Lotsalalo lili mu disiki momwemo. Nditayala lula wachitsulo modutsa pakati, kuwala kumalowa pansi pake cha pakati, ndipo mbali imodzi kumalowa kwambiri kuposa inzake. Disikiyi ndi youmba, ndipo anaisema mothamanga.

14 Malichi: kwa mmisiri wa lathe

Ndinaganizapo zoisalaza ili pa makina pomwepo, ikuzungulira, monga ena amachitira. Ndinasiya. Chitsulo chakuthwa m'manja, kutsogolo kwa disiki yothamanga chonchija, chikakola palibe nthawi yothawa.

Ndinapita nayo kwa mmisiri wa lathe, makina osemera zitsulo zikuzungulira. Iye anafuna kuigwira m'mphepete ndi chuck, chopanira cha pa lathe, koma titakambirana anavomera kuyamba wasema kashafiti kofanana ndi ka mota yanga, kuvekapo disikiyo, n'kusema nkhope yake ili pamenepo. Izi n'zofunika kwambiri. Disiki ikagwidwa m'mphepete, nkhope imatuluka yosalala ndithu, koma yogwirizana ndi m'mphepetemo, osati ndi dzenje lomwe imazungulirapo. Ukafika nayo pa makina umapeza ikudzandirabe.

Anachotsa zosakwana theka la milimita. Ndinaimirira pambali n'kumaona: ulendo woyamba mpeni unangokhudza chigawo chokwera, n'kusiya kachigamba kowala pa disiki yotuwa. Ulendo uliwonse kachigambako kamakula, mpaka nkhope yonse inawala mofanana. Anandipangiranso dzenje la kabawuti kachiwiri, pa madigiri 90 kuchokera pa koyamba, kuti disiki isamakankhidwe mbali imodzi.

Nditaibwezera pa shafiti, singano ikuyenda 0.04 mm. Pensulo ikukhala pa tebulo makina ali chiyatsire. Ntchitoyi yandidya ndalama yofanana ndi ya mapepala ochepa a disiki, ndipo pa zonse zomwe ndawonongera makinawa, iyi ndiyo yabweza kwambiri.

16 Malichi: velcro sibwereranso

Velcro ndi yabwino posintha mapepala mwachangu, koma pakati pa pepala ndi chitsulo pamakhala kofewa. Ukakanikiza thabwa, pepala limalowa mkati n'kukulunga m'mphepete mwa thabwalo. Kubulungira komwe ndinaona tsiku lija kumachokera pamenepa. Pokwecha zokhotakhota zilibe kanthu, koma pa ngodya ya felemu nsonga yakuthwa ija imadyeka, ndipo cholumikizira chimaoneka ndi kamzere kakuda kunja.

Ndagula mapepala omata okha, aja amalembedwa PSA, a aluminium oxide, nambala 80 ndi 120. Kumata kwake kumafuna ukhondo. Ndinapukuta disiki ndi spirit mpaka kansalu kanatuluka koyera, n'kudikira iume. Kachinyenyeswa kamodzi ka guluu wakale kapena ka utuchi kakatsalira pansi pa pepala, pamatukuka, ndipo ntchito yonse ya pa lathe ija imapita pachabe. Popeza tebulo linali lochotsa, ndinamata mosavuta, kuyambira pakati kupita kunja, n'kukanikiza ndi kathabwa kokulunga nsalu. Tebulo likakhala pamalo pake, matulani theka lokha la chotchinga guluu, mulowetse theka losamatulalo kuseri kwa tebulo, mumate la pamwamba, muzungulitse disiki ndi dzanja, kenako mumatule lotsalalo.

Pepala loyamba linayamba kunyamuka m'mphepete usiku umodzi wokha. Kunali kozizira, ndipo guluu wa mapepalawa sagwira bwino pa chitsulo chozizira. Ndinafunditsa disiki pang'ono ndi mpweya wotentha n'kukanikizanso, lagwira.

Nsonga za matabwa tsopano zikutuluka zafulati, lula akukhudza ponseponse. Choipa chake n'chakuti pepala la PSA ukalimatula silibwereranso bwino, ndiye umasankha nambala imodzi n'kukhala nayo. Ine ndakhazikika pa 80. Imadya msanga, sitentha thabwa kwambiri, ndipo nkhope yomwe imasiya ndi yokwanira kumatapo guluu.

21 Malichi: tebulo, pomwe pafooka makinawa

Apa ndipo ndakhalitsa. Tebulo limagwidwa ndi tizitsulo tiwiri topyapyala tokhala ndi ngalande yokhota, kamodzi mbali iliyonse, ndipo timamangidwa ndi zogwirira zapulasitiki. Ndinaika sikweya pa tebulo, kuwongola mpaka kuwala kutatha, kenako kumanga chogwirira cha kumanja. Ndikumanga, ndinaona ndi maso anga mpata ukutseguka pamwamba pa sikweya. Kumanga komweko ndiko kumasuntha tebulo. Ndikamasula limabwerera, ndikamanga limapendekeka. Ndinagwira njakata kwa kanthawi.

Nditamasula zonse ndinaona chifukwa chake. Mawasha omwe anaikamo ndi opyapyala, apindika kale ngati kambale, ndipo amazungulira limodzi ndi chogwirira n'kumakoka kachitsulo kaja. M'mphepete mwa ngalande yokhota munali mokakala, motsalira podinda chitsulo. Pa thupi la makina, pomwe kachitsuloko kamatsamira, panali kamzere kotukuka ka pachikombole. Ndasalaza zonsezo ndi tupa, ndaika mawasha okhuthala awiriawiri mbali iliyonse, ndi kadontho ka mafuta pakati pa awiriwo kuti chogwirira chizitembenuza washa wakunja yekha. Pomanga ndimasinthanasinthana, pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja. Kusuntha kwachepa kwambiri.

Koma panali linanso. Ndinaimika dial indicator pansi pa mlomo wakutsogolo wa tebulo, n'kutsamira ndi dzanja monga ndimachitira pogwira ntchito. Singano inayenda 0.3 mm. Ndiye ngakhale tebulo litamangidwa pa 90 yeniyeni, ngodya imasintha malinga ndi kulemera kwa dzanja ndi kwa thabwa. Tizitsulo tija tachepa mphamvu, ndipo palibe kumanga komwe kungatilimbitse.

Ndalipatsa mwendo. Ndaimika chipika cha mtengo wolimba pa plywood, pansi pa mlomo wa tebulo, n'kuchimanga ndi masikuluwu kuchokera pansi. Pamwamba pake ndalowetsamo nati ya M10 ndi bawuti loimirira lomwe mutu wake umakhudza kunsi kwa tebulo, ndi nati yachiwiri yotsekera. Tsopano ndimamasula zogwirira, tebulo limakhala pa mutu wa bawuti, ndimapotokola pang'onopang'ono mpaka ngodya itakwana, ndimatseka nati, kenako ndimamanga zogwirira. Bawuti la M10 wamba limakwera 1.5 mm pa kuzungulira kumodzi, choncho kapotokolo kakang'ono kamasuntha tebulo mochepa kwambiri, zomwe dzanja lokha silingathe. Nditatsamiranso, singano ikuyenda 0.03 mm.

Ndabwereza kuyesa kwa timatabwa tiwiri tija. Feeler gauge ya 0.05 mm yakana kulowa. Muvi wa pansi pa tebulo tsopano ukuloza pakati pa 0 ndi 1. Ndaumasula n'kuubweza pa 0, koma sindiuwerengeranso. Mizere yake ndi yokhuthala kuposa cholakwika chomwe ndikusaka.

Sikweya ndimaikhudzitsa pa pepala mopepuka, makina ali ozula pulagi, chifukwa mchenga wa pepala umadya mlomo wa sikweya.

23 Malichi: ngalande ndi miter gauge

Ngalande ya pa tebulo iyenera kuyenda mofanana ndi nkhope ya disiki. Ndinayesa kuchokera m'ngalande kufika pa disiki, kumanzere ndi kumanja: kusiyana 0.6 mm. Mabawuti a kunsi kwa tebulo analibe posewera, ndiye mabowo awiri ndawakulitsa m'litali ndi katupa kozungulira. Kusiyana kwatsika pansi pa 0.1 mm. Nthawi yomweyo ndasendeza tebulo kuti mpata wa pakati pa tebulo ndi pepala usapitirire mamilimita 2. Ukakula, tizidutswa ting'onoting'ono timakokedweramo, ndipo zala zimatsatira.

Miter gauge yomwe inabwera ndi makinawa ndaiika pambali. Kachitsulo kake kamagwedera m'ngalande ndi 0.4 mm, ndipo n'kakafupi. Ndinayesa kumata tepi m'mbali mwake, inagwira kwa kanthawi kenako inapukutika. Kugula ina yabwino sikuthandiza, chifukwa ngalande ya makinawa ndi yopapatiza kuposa ija ya mamilimita 19 yomwe imapezeka pa makina akuluakulu. Ndipala kamtengo kolimba kokwana ndendende m'ngalandemo, n'kumangapo majigi anga, zogwirira thabwa pa ngodya yofunika.

28 Malichi: matabwa akupserera

Nsonga za mtengo wolimba zinayamba kutuluka zakuda, zonunkha utsi, makamaka ndikakwechera kumphepete kwa disiki. Liwiro la pepala silofanana ponse. Kumphepete kwa disiki ya mamilimita 305 yozungulira ka 1450, pepala limathamanga pafupifupi mamita 23 pa sekondi. Pa mamilimita 50 kuchokera pakati limayenda mamita osakwana 8, ndipo pakati penipeni limangotembenuka pamalo amodzi.

Izi zimakhudzanso ngodya. Thabwa lotambalala likaima malo amodzi, mbali yoyang'ana kumphepete imadyeka msanga kuposa yoyang'ana pakati, ndipo nsonga imapendekeka ngakhale jigi ili yoona. Mankhwala ake ndi kuyendetsa thabwa uku ndi uku pa theka lotsikalo, mopepuka, osaliimika. Ndimakhwatchakhwatcha pensulo pa nsonga yonse ndisanayambe. Pensulo ikafufutika ponse nthawi imodzi, ndimaleka pomwepo.

Disiki si macheka. Ndikasiya milimita imodzi kunja kwa mzere podula, imachoka m'kanthawi popanda kutentha. Ndikasiya mamilimita 5, ndimakakamiza, thabwa limapsa, pepala limatha, ndipo disiki ikatentha guluu wa pepala amafewa.

Paini amatseka pepala ndi utomoni, ndipo pepala lotsekeka limangokhula n'kumatentha m'malo modya. Ndagula chipika cha labala yofufutira mapepalawa. Ukachikhudzitsa pa disiki ikuzungulira, timikanda ta utomoni timayoyoka, mtundu wa pepala n'kubwerera. Mtengo wake ndi wofanana ndi wa pepala limodzi kapena awiri, ndipo chapulumutsa kale pepala lomwe ndikanalimatula.

2 Epulo: jigi ya madigiri 45

Felemu ili ndi ngodya 4, koma nkhope zodula ndi 8. Iliyonse ikapatuka ndi kota ya digiri, pa ngodya yotsiriza pamasonkhana madigiri 2. Kusaka 45 yeniyeni ndi muvi n'kosatheka, ndiye ndapanga jigi yomwe siifuna.

Pansi pake ndi plywood ya mamilimita 12, yokhala ndi kamtengo kolowa m'ngalande. Pamwamba ndamangapo chidutswa cha plywood chokhala ndi kona ya madigiri 90 yoyesedwa bwino, konayo italoza ku disiki. Nsonga imodzi ya thabwa imakwechedwa litatsamira mbali ya kumanzere ya konayo, inzake yokumana nayo imakwechedwa ku mbali ya kumanja. Ina ikatuluka 44.8, inzake imatuluka 45.2, ndipo zikakumana zimapanga 90. Ndimalemba A ndi B pa nsonga kuti A azikumana ndi B nthawi zonse. M'mbali motsamira ndamatamo kachidutswa ka sandipepala kuti thabwa lisatsetsereke.

Felemu yoyamba ngodya zake zinali zoona koma inakana kutseka. Nditayerekeza matabwa awiri oyang'anizana, lina linali lalifupi ndi theka la milimita, popeza disiki imadya utali osaonetsa. Ndawonjezera kachipika koimitsa thabwa kumbuyo, kuti oyang'anizana azithera pa utali umodzi. Yachiwiri yatseka ngodya zonse 4 ndi lamba wopanira yekha, guluu asanalowe. Ndinaiyang'anitsa ku windo, kuwala sikukudutsa.

6 Epulo: mphete ya tizidutswa 12

Apa chinyengo cha A ndi B chija sichigwira. Kachidutswa kalikonse kamafuna madigiri 15 mbali zonse ziwiri, nkhope 24 pamodzi. Kupatuka kwa 0.1 pa nkhope iliyonse kumasanduka madigiri 2.4 pa mphete yonse.

Jigi yake ndaipanga ndi chotsamira chozungulira pa bawuti limodzi, ndi kasikuluwu kokankha kumapeto kwake. Ndimakwecha tizidutswa 6, kutiyala pa galasi kukhala theka la mphete, n'kuika lula pa nsonga ziwirizo. Ngodya ikakhala yoona, nsonga zonse zimagona pa lula. Poyamba zimakhudza kunja kokha, mkati muli mpata. Ndinapotokola kasikuluwu pang'onopang'ono mpaka mpatawo unatha, ndipo chotsamiracho ndachikhomerera kuti chisasunthenso.

Njira yodziwika yotsirizira ndi kumata matheka awiri payokhapayokha, n'kusalaza nsonga zake musanawaphatikize. Pa disiki iyi sizinatheke. Mbali yotsika ndi pafupifupi mamilimita 150 okha, pomwe theka la mphete yanga ndi mamilimita 200, moti nsonga imodzi ikanagwera mbali yokwera. Ndamata sandipepala pa galasi n'kukhula ndi manja. Panali pochotsa pochepa kwambiri, ndipo mphete yatseka.

13 Epulo: fumbi

Makinawa amapanga fumbi losalala kwambiri, lija limayandama nthawi yaitali. Nditagwira ntchito ndi chitseko chotseka, pa mashelefu onse panali poyera. Bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, ndiye si nkhani ya ukhondo wokha. Kubowo la fumbi la pansi pa disiki ndalumikizako makina okoka fumbi ndi paipi, polumikizira ndakulunga tepi chifukwa milomo yake simakwanirana. Pansi pa chotchinga panali mpata womwe fumbi limathawirapo, ndautseka ndi kapulasitiki. Lambiri likupita m'paipi, koma masiki ndi magalasi sindivula.

Wina anabwera ndi kachitsulo kuti akasalaze pamenepa, ndinamukaniza. Chitsulo chimathetheka moto, ndipo motowo umalowa momwe mwadzaza utuchi wouma, m'chotchinga ndi m'paipi. Umatha kunyeka mobisika osaoneka mpaka anthu atachoka. Makina awa ndi a matabwa basi.

Disiki imatenga nthawi kuti iime ukazimitsa, ndipo makinawa alibe buleki. Ndimadikira iime ndisanachotse jigi kapena kupukuta tebulo.

25 Epulo: kuyesanso patapita ntchito

Mafelemu angapo ndi mphete zingapo zadutsapo, ndiye ndabwerekanso dial indicator posintha pepala. Disiki idakali pa 0.04 mm. Kabawuti kamodzi mwa tiwiri tija kanamasuka pang'ono, ndakamanga ndi kadontho ka mankhwala otsekera mazinga, aja abuluu omasulika. Tebulo lili pa 90, mwendo uja sunasunthe. Kamtengo ka m'ngalande kanatupa kunja kutachita chinyezi, jigi inayamba kulimba poyenda. Ndakapala pang'ono m'mbali n'kupakapo phula la kandulo.

Chomwe sichinakonzeke ndi kupendeketsa tebulo. Ndikalitsitsa kupita ku madigiri 45, mwendo uja umayenera kuchoka, kufooka kwa tizitsulo kumabwerera, ndipo mpata wa pakati pa tebulo ndi pepala umakula kupitirira mamilimita 2. Pakadali pano tebulo ndalisiya pa 90, ndipo ngodya zopendekeka ndizipanga ndi chipika chodulidwa pa madigiri 45 chomwe chizikhala pamwamba pa tebulo, chokhala ndi kamtengo kakekake kolowa m'ngalande. Plywood yake ndadula kale, kwatsala kumata ndi kuyesa ndi timatabwa tiwiri.